Vidiyo ya pa Siteji ya Kabaza

Lolemba, 14 Julayi

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi la pakona, pafupi ndi zenera lokana kutsekeka, mwera ukungolowa ngati kwawo. Mkono wamanzere wapsa ndi mafuta a tchipisi kuchokera pachigongono mpaka pomangira wotchi. Wamanja uli bwino, ndiye achemwali anga a Kulusumu, omwe akundidikirira, andiponyera kope ndi bolopeni. Akuti ndizilemba kuti pakamwa papumeko, anthu odwala agone.

Ndine Faruku, wa chiwaya cha pa siteji ya kabaza kumsika. Aliyense wofunsa ndamuuza kuti ndimayeza ngati mafuta atentha, ndiye ndinayeza ndi mkono wonse. Akuseka. Zoona zake n'zoti ndinagwa. Khunyu. Mawu amenewo ndawalemba timalemba ting'onoting'ono.

Atsuka bala ndi madzi a mchere, apaka mankhwala oyera, amanga bandeji. Jakisoni mmodzi wa ululu. Mankhwala anga a masiku onse ndabwera nawo: kabamazepini awiri m'mawa awiri madzulo, fenobabitoni atatu pogona. Achemwali anawabisa m'chitenje ngati takuba.

Lachiwiri, 15 Julayi

Kutsuka bala kumawawa kuposa kupsa kwenikweniko. Ndinayamba kuyimba, nesi wamwamuna dzina lake Steward akuti, "Imba bwino, ukundisokoneza."

Bedi loyandikana nane kuli a Tedson, bambo a ku Malengachanzi, olima mpunga, a Anglikani. Anagwera pa khasu, nsidze yasokedwa. Iwo matenda awo amawatchula mokweza ngati akutchula dzina la mudzi. "Ine ndimagwa, mphwanga. Iwe?" Ndati ine ndimangopsa. Andiyang'ana, ayang'ana mapiritsi anga, atembenukira kukhoma.

Masana kwabwera Bushra ndi mpunga wa nazi ndi usipa. Bushra ndi amene ankhoswe anga anakamufunsira mwezi wathawu, ukwati akuti mpunga ukatha kukololedwa ndi kugulitsidwa. Sanakhale, wangosiya mbale. Iye amadziwa kuti chiwaya chinapendekeka. Kwawo onse amadziwa choncho.

Steward akuti mawa kukubwera madokotala a mutu ochokera kutauni, akufuna anthu akugwa. Akuti ena amawachita opaleshoni n'kusiyiratu kugwa. A Tedson atuma akazi awo kukatenga shati yabwino.

Lachitatu, 16 Julayi

Abwera. Wamkulu wawo ndi mayi wamfupi wa magalasi, adokotala a Kamwendo. Ali ndi mnzawo wa kunja wosamva Chichewa, amangogwedeza mutu, ndi mabokosi a mawaya. Akhala mpaka Lolemba.

Anatikhazika pansi n'kunena mosabisa. Ndilemba mmene ndamvera. Opaleshoni si ya aliyense. Choyamba, munthu akhale woti wamwa mankhwala amitundu iwiri bwinobwino, osadumphitsa, koma akugwabe. Chachiwiri, matendawo aziyambira malo amodzi mu ubongo, osati ponseponse, chifukwa sangadule ponseponse. Chachitatu, malowo akhale oti akachotsa munthu sasiya kulankhula kapena kuyenda. Amene zikuwayenera amapita kaye kutauni kukajambulidwa mutu m'makina akuluakulu, kenako ndi pomwe amadziwa. Makinawo ali ndi mzere wautali, ndiye m'boma lonse lino atenga anthu osakwana zala za dzanja limodzi.

Choyambacho ndakhoza. Achemwali amandimwetsa mankhwala ngati mbuzi, sindinadumphepo, ndipo ndimagwabe kawiri kapena katatu pamwezi. Ndinayamba ndili mu Sitandade 4, nditadwala malungo aakulu.

Chachiwiri ndi pomwe pavuta. Adokotala anafunsa achemwali kuti ndikamayamba ndimatani. Maso amapita kuti, ndi dzanja liti limayamba. Achemwali anati sadziwa.

"Simunamuonepo akugwa?"

"Ndamuona atagwa kale. Kwathu akangoyamba, wina amathamangira kutseka chitseko, wina mazenera, wina kukweza wailesi. Tikamabwerera amakhala ali pansi."

Zaka zonsezi. Nyumba yonse akatswiri otseka zitseko, palibe anayang'anapo nkhope yanga.

Adokotala anati kumayiko akunja munthu amamugoneka sabata yonse kamera ikumuyang'ana, koma kuno alibe zimenezo, ndiye amadalira mavidiyo a pafoni. Anafunsa ngati alipo anandijambulapo. Ndati ayi. Steward, ali mbuu ndi thireyi yake, akuti, "Kodi si iwe wa Gule wa Tchipisi?"

Ndinafuna bedi linditsegukire.

Nkhani yake ndi iyi. Chaka chatha ndinagwa pasiteji masana, anthu ali mbwee. Swaibu wa kabaza, mnzanga, yemwenso ndi mchimwene wake wa Bushra, anajambula. Anadula, anaikamo nyimbo, pofika madzulo inali m'foni ya aliyense mpaka ku Dwangwa. Ine ndili gwegwegwe m'fumbi, buluku litanyowa kutsogolo. Mawa lake ndinafika pasiteji ndikuseka ndine woyamba. Ndinati ndimasewera, madziwo ndinadzithira a m'botolo. Anthu anakhulupirira, poti ndi Faruku, amene amatsanzira shehe, amatsanzira apolisi a pamsewu. Kuyambira pamenepo akandiuza kuti "panga ija," ndimagona pansi n'kupanga. Amagula tchipisi.

Steward anali nayo. Adokotala anaionera ndi nyimbo yake yomwe, wakunja uja atasuzumira paphewa. Sanaseke. Anati, "Iyi si sewero. Koma yayambira pakati. Tikufuna poyambira, asanagwe. Amene anajambula ali nayo yonse?"

Ndati ndifufuza. Sindinadye.

Lachinayi, 17 Julayi

Mawaya. Anandipaka zonga phala m'mutu n'kumata timawaya tambiri, ndimaoneka ngati transifoma. Kutsinzina, kutsegula maso, kupuma mwamphamvu ngati ndikukwera chitunda ndi kasitomala wonenepa, kenako nyali yothwanima. Akuti makinawo amamvera magetsi a mu ubongo. Aona kanthu kakang'ono mbali ya kumanja, koma akuti pakokha sikokwanira kutumizira munthu kutauni. Vidiyo ikagwirizana nako, ndiye kuti zamveka.

Kenako mayeso a kukumbukira. Amatchula mawu, ine ndibwereze. Pamenepo ndawathetsa, mpaka ndi mawu a adokotala omwe ndinatsanzira, anamwetulira. Koma zojambula, zoti uyang'ane chithunzi kenako uchijambule chitabisidwa, ndalephereratu. Anafunsa kuti sukulu ndinalekera pati. Ndati Sitandade 6, aphunzitsi anatha nzeru zondiphunzitsa. Achemwali akuti, "Anagwa pa asembule, sanabwererenso." Adokotala analemba za achemwali.

Ndiye ndinachita chinthu chopusa. Ndinati, adokotala, vidiyo isakuvuteni, ine ndimatha kupanga ndendende, ndikuonetseni. Asanayankhe ndinali pansi kale, mkono wabandeji m'mwamba, ndikupanga ija. Ndinaipanga bwino, kuposa pasiteji. Palibe anaseka. Ndimangomva nsapato zanga zikukhula simenti.

"Dzukani, a Faruku, muipitsa bala," anatero adokotala. "Mukutsanzira vidiyo ija. Poyambira simungapadziwe, nthawi imeneyo inu mumakhala mulibe."

Ndinadzuka ndekha, ndinadzikutumula ndekha.

Lachisanu, 18 Julayi

A Tedson awayankha. Ayi. Akuti mankhwala sanawalephere, kungoti samwa mokwanira. Nyengo ya mvula dambo likadzaza amatha miyezi osafika kuno, ndiye mankhwala akachepa amadula piritsi pakati kuti afike patali. Awakonzera kamwedwe katsopano ndi poti azikatengera pafupi. Adokotala anati imeneyi ndi nkhani yabwino, mwina asiya kugwa popanda mpeni. Iwo anavula shati yabwino ija n'kuipinda.

Atachoka madokotala anandiitana.

"Mphwanga, dzulo ndinakuona pansi paja."

"Ndimawongola msana, bambo."

"Ine ndimafuna mpeniwo, andikaniza. Iwe akukuitanira, ukuvina. Chavuta n'chiyani?"

Ndinawauza za Swaibu ndi Bushra. Kuti ndikapempha vidiyoyo ndiye kuti ndavomera, ndipo Swaibu pakamwa pake ndi pa wailesi, bambo awo amva lisanalowe dzuwa. Ndani angapereke mwana wake kwa munthu wogwera m'mafuta?

"Nanga ukakwatira, uzidzagwera kuti? Kwa aneba?"

Akazi awo anandipatsa nthochi.

Ndinadikira anthu atuluke ku mapemphero a Juma kumzikiti, ndinaimbira Swaibu ndili kuseri kwa wodi, pomwe amayanika zovala.

"Alamu anga a tchipisi! Mkono wapsa bwino? Tithire mchere?"

"Aise, vidiyo ija uli nayo? Yonse, yosadula."

"Ukufuna tipange ina? Ya m'chipatala ingaphe anthu."

"Akuifuna madokotala."

"Madokotala amaonera zoseketsa?"

"Si zoseketsa, Swaibu. Sinali sewero. Ndimagwa. Ndimagwa kuyambira ndili mwana."

Ndimangomva mabelu a njinga kumbali kwake. Kenako anati, "Foni ija ndinagulitsa kalekale." Mtima unatsika, pena ngati ndapulumuka. Ndiye anawonjezera. "Koma yosadulayo ndinatumizira Bushra. Tsiku lomwe lija."

"Bushra? Chifukwa?"

"Ndi mlongo wanga, aise. Ndinaona mukuyankhulana kwambiri kumpopi. Ndinati aone yekha."

"Ndiye iwe umadziwa?"

"Ndimakayika. Koma iwe unati sewero, ndiye ndinati chabwino, sewero."

Ndiye kuti nthawi zonse zimene ankakuwa kuti panga ija, ankakayika. Ine n'kumagubuduka. Sindikudziwa woti ndimukwiyire.

Loweruka, 19 Julayi

Ndagwa m'mawa, kubafa, ndili ndekha. Madokotala a mutu ali panja pomwepa ndi makina awo, ine kukagwera kubafa chitseko chili chotseka. Anandipeza achemwali. Lilime ndaluma, bala latuluka magazi, amanganso. Mutu ukulemera. Basi.

Lamulungu, 20 Julayi

A Tedson atuluka. Anandisiyira sopo ndi mawu oti, "Ukapita kutauni ukandionereko makinawo."

Kwatsala mawa lokha. Uthenga wopita kwa Bushra ndaulemba ndi kufufuta mpaka batire kutsala pang'ono kutha. Woyamba unali ndi nthabwala, wachiwiri unalinso ndi nthabwala. Achemwali analanda foni, anawerenga, anati, "Iwe, munthuyu ukumufunsira ukwati kapena ukumugulitsa tchipisi?" Womaliza ndinalemba kuti: Ndimadwala khunyu. Madokotala akufuna vidiyo imene Swaibu anakutumizira. Ngati uli nayo tumiza. Pepa.

Yankho linabwera mawu atatu. Ndibwera nayo mawa.

Ndinati ingotumiza. Sanayankhe.

Panado awiri. Bala akuti likuuma m'mbali.

Lolemba, 21 Julayi

Bushra anabwera m'mawa, mpango wakuda, opanda mbale. Anapereka salamu kwa achemwali, ine anangondiyang'ana. Tinalowa tonse m'kachipinda ka madokotala. Ndinapempha kudikira panja, adokotala a Kamwendo anati ndi mutu wanga, ndiuone.

Sindinadzionepo ndikuyamba. Vidiyoyo ikuyamba Swaibu akujambula njinga yake yatsopano, ine ndili kumbuyo ndikumunena kuti chishalo chake ndi cha ngolo. Ndikulankhula, ndikulankhula, kenako mawu angoima pakati. Maso ali tong'o. Pakamwa pakutafuna popanda chotafuna. Dzanja lamanja likutolatola pa epuloni ngati pagwera nyerere, lamanzere lauma gwa, lapindika. Anthu akuseka, akuganiza ndikutsanzira winawake. Mutu ukutembenukira kumanzere pang'onopang'ono. Ndiye kugwa, ndi zonse zija zimene Nkhotakota yonse inaona. Popanda nyimbo pamamveka phokoso limene ndimatulutsa. Sindilemba.

Achemwali anaphimba kumaso ndi chitenje. Zaka zonsezi, nawonso kanali koyamba.

Adokotala anabweza poyambira katatu, akulozera mnzawo dzanja lamanzere lija. Wakunjayo analankhula zambiri koyamba chibwerereni. Anandifunsa ngati ndimamva kanthu ndisanayambe. Ndati m'mimba mumakwera kanthu ngati minibasi yadumpha bampu, ndi fungo ngati la tayala lopsa. Sindinauzepo munthu. Analemba.

Bushra anati, "Amayambanso ndi kumeza malovu kawirikawiri. Pavidiyopo sizikuoneka bwino."

Tonse tinamuyang'ana.

"Tsiku lina kumpopi anatero. Anaima, anameza, anatafuna, dzanja lomwelo linauma. Sanagwe. Atabwerera anapitiriza nkhani pomwe anasiyira, ine ndinangoyankha."

Ine sindikudziwa ngakhale tsiku lake.

Adokotala anati zonse zikuloza malo amodzi, kumanja, pamwamba pa khutu m'kati, ndipo zikugwirizana ndi mawaya aja ndi zojambula ndinalephera zija. Akuti mbali imeneyo kwa anthu ambiri si yolankhulira. Ndinafuna kunena kuti achemwali akhumudwa, amayembekeza kuti adula pakamwa, koma sizinatuluke.

Ndili m'gulu lopita kutauni mwezi wamawa, bala likapola. Anabwereza kawiri kuti uku si kulonjeza opaleshoni. Makina akapanda kuonetsa chipsera mu ubongo, abwerera nane ku mankhwala. Akachita opaleshoni, ambiri amasiya kugwa koma si onse, ndipo mapiritsi sasiyidwa msanga. Pali zoopsa zake, akazifotokoza konko pali abale. Chiwaya, nyanja ndi njinga, zonse ayi. Ndipo akufuna mavidiyo ena, kuti aone ngati ndimayamba chimodzimodzi nthawi zonse. Wojambula ayambe msanga, aonetse nkhope ndi manja onse, wina akhale akundichotsera zinthu pafupi. Osatseka zitseko. Pamenepo anayang'ana achemwali, achemwali anayang'ana pansi.

Madokotala anyamuka masana. Bushra anapita osatsanzika bwino.

Lachiwiri, 22 Julayi

Atsuka bala, lero sindinayimbe. Akuti Lachisanu ndituluka. Mankhwala ndi omwe aja.

Swaibu wachita zimene ndimadziwa. M'mawa kwabwera amalume anga, nkhoswe, chipewa chili m'manja. Akuti bambo ake a Bushra atumiza mawu. Sanakane, sanavomere. Akuti za ukwati ziime kaye mpaka ndibwere kutauni, ndipo adandaula kuti nkhani yotere aimvera kwa mwana wawo wa kabaza osati kwa ankhoswe. Amalume anachita manyazi chifukwa cha ine, munthu wamkulu wa imvi. Anafunsa achemwali chifukwa chake sitinawalole kunena poyamba.

Kusiteji akuti nkhani yafika. Palibe wabwera, palibe waimba. Wina wangotumiza uthenga woti, pepa mani, sitimadziwa. Umenewo wandipweteka kuposa kusekedwa.

Ndimayesa Bushra sabweranso. Nthawi ya alendo yamasana ndinangoona mpango pakhomo la wodi. Anakhala pa bedi lomwe linali la a Tedson, achemwali anapeza chifukwa chokatsuka mbale zotsukatsuka kale.

"Bambo akuti tidikire," anatero.

"Ndamva."

"Ine kudikira ndinazolowera. Chaka chonse ndimadikira unene wekha."

"Bwanji sunandifunse?"

"Ndikufunse iwe? Ukanandiyankha ndi mawu a shehe."

Ndinasakasaka nthabwala m'mutu monse, munalibe. Ndinangofunsa kuti nanga pamene ndinkapanga ija pasiteji, iye akudutsa ndi dengu.

"Ndimadzera njira ya kuseri kwa chigayo," anatero. "Sindimafuna kuona."

Kenako anatulutsa foni.

"Adokotala anati nkhope ndi manja onse. Swaibu sajambulanso, dzanja lake limagwedezeka ndi kuseka. Ndikufuna ndiphunzire poima. Khala bwino."

"Pano? Anthu akuyang'ana."

"Ayang'ane. Ika manja pa mawondo."

Ndinaika. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, anasendera kumanzere, akuti zenera likuchita mdima pankhope. Wodi yonse ili duu, Steward waima ndi thireyi yake. Nkhope yanga inayamba yokha kufuna kupanga zinazake, nsidze inakwera.

"Osapanga kanthu, Faruku," anatero. "Ingokhala."

Ndinangokhala. Ndi ntchito yovuta.